Chitupa Chovinira

M'mudzi wina wa kuseri kwa phiri lina, umene dzina lake tikulisunga poopa kuti eni ake angayambe kudzitama, munkakhala munthu mmodzi yekha amene nyimbo zinkamupweteka m'makutu. Munthuyo anali a Gelesomu Chathyoka, kalaliki wopuma pantchito, amene anatha zaka makumi atatu mu ofesi ina ya m'tauni akudinda makalata a anthu ena. Pobwerera kumudzi anabwera ndi jekete lakuda ndi chidindo chakale chimene ofesi inachitaya chifukwa zilembo zake zinali zitafufutika.

Vuto la a Chathyoka silinali ugonthi. Ankamva bwinobwino, moti nkhuku ya mnansi ikayandikira nkhokwe yawo ankaizindikira ndi mapazi okha. Koma nyimbo, kaya ya ng'oma, ya gitala, ya kwaya kapena ya pa wailesi, kwa iwo inkamveka ngati chigayo chimene chameza mwala. Anabadwa choncho. Anzawo akamagwedeza mitu, iwo ankangodikira kuti phokosolo lithe, monga mmene munthu amadikirira kuti dzino lisiye kuwawa.

Zikanakhala zazing'ono akanapanda kukwatira Nangondo. Mayiyu ndiye anali mwini mawu m'mudzimo. Paukwati ankayambitsa ndiye, pamaliro ankatsogolera ndiye, ndipo ngakhale posesa pakhonde ankaimba chapansipansi. Nangondo ali mtsikana, Gelesomu ankaima panja pa tchalitchi masana a Lachinayi lililonse kwaya ikuphunzira nyimbo, mano ataluma, maso atatsinzina. Nangondo ataona mnyamata akutsinzina choncho anati mumtima: uyu mawu anga amulasa. Sanadziwe kuti mnyamatayo ankangopirira, kudikira kuti kwaya ithe amuperekeze. Anakwatirana, anabereka ana anayi, ndipo zaka zonsezo a Chathyoka sanaulule. Mkazi wawo akafunsa kuti, "Bambo a Tiyese, ndaimba bwanji lero?" iwo ankayankha kuti, "Ndasowa chonena." Ndipo sankanama.

Chimene chinkawadya kwambiri sichinali phokoso lokha ayi. Chinali chakuti aliyense, mpaka zidakwa ndi makanda, ankaoneka kuti akulandira kanthu kokoma kamene iwo, munthu wodziwa kumanga tayi, sankakalandira. Ndipo munthu wodziwa kumanga tayi savomera msanga kuti woperewera ndi iye. Amayamba wafufuza ngati si dziko lonse limene lalakwitsa.

Mwayi wawo unafika chaka chimene m'mudzimo munalowa nyimbo ina ya chinenero chakutali. Panalibe wodziwa tanthauzo lake, koma inali yotakasa m'chiuno. Inavinidwa pa maukwati atatu, pa chinkhoswe, ndiponso tsiku lotsegulira mjigo, pamene ngakhale akulu a mpingo anaiwala maudindo awo. Amayi anali ndi malo awo m'nyimbomo pamene ankaimba nthungululu manja ali pamtima, poganiza kuti apa woimbayo akulirira wokondedwa wake.

Pa ukwati wachinayi panali mlendo, dalaivala wa thiraki woyenda maiko akunja. Nyimbo itangoyamba, bamboyo anaseka mpaka kukhala pansi m'fumbi. Atamudzutsa n'kumupatsa madzi, anafotokoza kuti kwawo kwa nyimboyo imeneyo ndi yotsatsa malonda: mankhwala a njoka za m'mimba mwa nkhumba.

"Nanga pamene timaimba nthungululu paja akuti chiyani?" anafunsa mayi wina.

"Akuti muimwetse kawiri pa tsiku, ikatha sabata muone ndowe zake."

Ukwatiwo unatha dzuwa likadali pamutu. Nkhani inawoloka mtsinje, ndipo anthu a midzi yoyandikana akakumana ndi munthu wa m'mudzimo pamsika ankayamba kulira ngati nkhumba.

Komiti ya chitukuko inaitanitsa msonkhano pabwalo la sukulu. Anthu analozana zala kwa nthawi yaitali, mpaka wina anakumbukira kuti m'mudzi monse ndi munthu mmodzi yekha amene sanavineko nyimbo ya nkhumba ija. Maso onse anatembenukira kwa a Chathyoka. Iwo anaimirira pang'onopang'ono, akukoka jekete lawo.

"Abale anga," anatero, "safunsa anadya phula. Inu mwakhala mukudya phula ndi miyendo. Ine mumandiona ndili phee pamagule, mumayesa ndine wonyada. Ayi, ndimakhala ndikusanthula. Munthu wanzeru sasangalala ndi chinthu asanachimvetse."

Eni ake anadabwa ndi kukoma kwa mawu awowo, moti pofika kumapeto anali atayamba kuwakhulupirira. Tsiku lomwelo anasankhidwa kukhala Wapampando Wamkulu wa Bungwe Loona za Kumvetsa Nyimbo, Magule ndi Zina Zonse Zaphokoso.

Pa udindo wa Mlembi Wamkulu komanso Mlangizi Wapadera pa Zamamvekedwe anadzipereka yekha Laitoni Gwaza, telala wa pa golosale. Laitoni anali munthu yekhayo m'mudzimo wodziwa kuwerenga do, re, mi, zimene anaphunzira m'kabuku kena kopanda chikuto. Tsoka lake linali mawu. Akaimba, mbuzi zomangidwa zinkayankha. Kwaya ya Nangondo inamukana kawiri, ndipo kachiwiriko inamupempha mwaulemu kuti azingosoka yunifolomu. Iye anasoka, koma sanaiwale.

Lamulo la bungwe linali lalifupi. Palibe kuimba, kuvina, kuomba m'manja, kuimba nthungululu kapena kugwedeza mutu popanda chitupa chotsimikiza kuti munthuyo wamvetsa chimene akusangalala nacho. Mayeso ankachitika Lachitatu lililonse m'kalasi ya Sitandade 3. Laitoni ankafunsa, a Chathyoka ankadinda. Popeza chidindo chinali chofufutika, wokhoza ndi wolephera ankalandira banga lofanana, koma wolephera ankadindidwa kawiri.

Mafunso ake anali aukatswiri. Kodi ng'oma ikati "ndi", imasiyana bwanji ndi ikati "nde"? Fotokozani ndi zitsanzo. Kodi pakati pa fa ndi so pali mtunda wautali bwanji? Nyimbo ikatha imapita kuti? Mwezi woyamba anakhoza anthu atatu: mlamu wake wa Laitoni, mphunzitsi wina wa masamu amene sanavinepo chibadwire, ndi nkhalamba ina yogontha imene inkangoyankha kuti "zoonadi" pa funso lililonse.

Amene ankaona kuti zinthuzi nzopanda mutu anakhala chete, chifukwa wotsutsa aliyense ankangofunsidwa kuti, "Kodi si inu munkaimba nthungululu pa ndowe za nkhumba?" Ena ochenjera anapempha maudindo. Posakhalitsa bungwe linali ndi Woyang'anira Mapewa, Wachiwiri kwa Woyang'anira Mapewa, ndi Mkulu Wofufuza Malikhweru, amene ankabisala kudambo kudikira abusa a ng'ombe.

Masiku amenewo a Chathyoka ananenepa. Ankadzuka m'mawa, mudzi uli zii, n'kupuma mpweya ngati munthu wotuluka m'chipatala. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo sanali woperewera. Operewera anali mudzi wonse, ndipo umboni unali papepala.

Anali Laitoni amene anakumbutsa bungwe kuti mawu akuti "Zina Zonse Zaphokoso" akukhudzanso mpira. A Chathyoka mpira analibe nawo mlandu, koma wakwata kwa mphezi saopa kung'anima. Anadinda.

Woyamba kuitanidwa anali mayi Nachuma, wogulitsa zitumbuwa pabwalo la mpira. Mayiyu anali atachemerera timu ya m'mudzimo zaka khumi ndi zisanu osaphonya, ndipo mawu ake ankamveka mpaka kuchigayo. Malamulo sankawadziwa. Mpira ukakwera m'mwamba kwambiri ankakuwa, wosewera akagwa ankakuwa, ndipo nthawi zina ankachemerera chigoli cha adani chifukwa chagoletsedwa mokongola.

"Mayi," anatero Laitoni, "tiuzeni, ofusayidi n'chiyani?"

"Ndi pamene woimbira uja wapsa mtima."

"Nanga mumakuwiranji ngati simudziwa chimene chikuchitika?"

"Chimene chikuchitika ndimachidziwa, achimwene. Ana athu akuthamanga. China n'chiyani?"

Anadindidwa kawiri.

Loweruka lotsatira kunabwera timu ya kutsidya kwa mtsinje ndi ng'oma zake zitatu, popeza lamulo silinkakhudza alendo. Eni bwalo anaima mizere, manja kumbuyo, ngati anthu odikira katemera. Patangopita mphindi zochepa, mnyamata wa m'mudzimo anaumenya ndi mutu, mpira n'kugwedeza ukonde. Anthu mazana awiri anatsegula pakamwa n'kutsekanso. Bungwe linasonkhana m'mbali mwa bwalo kukambirana ngati chigolicho chinali choyenera kuchemerera. Mphunzitsi wa masamu anajambula pansi ndi kamtengo. Wachiwiri kwa Woyang'anira Mapewa anapempha kuti wogoletsayo abwere adzafotokoze cholinga chake. Zokambiranazo zili mkati, alendo anabweza chigoli, kenaka anawonjezera china.

Pomaliza Laitoni analengeza kuti bungwe lakhutira, ndipo a zitupa atha kusangalala. Anthu atatu aja anakweza manja n'kukuwa, nthawi yomweyo imene alendo ankamwetsa chigoli chachitatu. Goloboyi wa m'mudzimo anavula magolovesi n'kupita kwawo osatembenuka. Mayi Nachuma anabwerera ndi beseni la zitumbuwa lodzaza, chifukwa munthu wosakuwa samva njala.

Nthawi yonseyi a Chathyoka ankazemba nkhani imodzi. Nangondo sanapite kukalemba mayeso, ndipo sanasiye kuimba posesa. Anangotsitsa mawu. Mwamuna wake ankachita ngati sakumva, ntchito imene anali ataizolowera kale. Koma Mkulu Wofufuza Malikhweru anadutsa pakhomopo m'mawa wina, ndipo Lachitatu lotsatira Laitoni anayala nkhaniyo patebulo.

"A Wapampando, anthu akulankhula. Akuti lamuloli likafika pachipata chanu limavula nsapato."

Nangondo anabwera atavala chitenje chake chatsopano, nakhala pa benchi ya ana asukulu, mawondo ali m'mwamba. Laitoni anasankha nyimbo ya maliro imene mudzi wonse unkaidziwa, ija yonena za mbalame yosiya chisa mvula isanagwe.

"Nyimbo imeneyi ili mu kiyi wanji?"

"Kiyi ndi wa chitseko, a Laitoni."

"Chabwino. Kodi amene anaipeka ankatanthauza chiyani ponena za mbalame?"

"Ndinaipeka ndine, chaka chimene anamwalira amayi anga. Anapita mu Okutobala, munda atalima kale."

Laitoni anatsokomola, n'kuyang'ana m'kabuku kake kopanda chikuto.

"Kupeka si kumvetsa, mayi. Nkhuku imaikira dzira tsiku ndi tsiku, koma muifunse za dzira, ikuuzani chiyani? Yankho lolondola ndi lakuti mbalameyo ikuimira kusakhazikika kwa nyengo. A Wapampando, dindani."

Anakankhira pepala patsogolo pawo. A Chathyoka anatenga chidindo. Mamembala onse a bungwe ankawayang'ana, ndipo pazenera panali mitu ya anthu. Akanakana, mawa lomwe ng'oma zikanabwerera, ndipo wina akanayamba kufunsa kuti kodi Wapampando iwowo anakhoza liti mayeso. Anakweza chidindo. Anadinda koyamba. Anadikira pang'ono, ngati munthu woyembekeza kuti denga ligwe liwapulumutse. Denga silinagwe. Anadinda kachiwiri.

Nangondo anatenga pepalalo, kulipinda bwinobwino, n'kulimanga pansonga ya chitenje.

Kuyambira tsiku limenelo pakhomo pa a Chathyoka panalowa bata la mtundu wina, losiyana ndi limene ankalilakalaka. Tsache linkamveka lokha. Chakudya chinkafika patebulo nthawi yake, madzi osamba anali otentha bwino, mayankho anali "inde" ndi "ayi". Kangapo anayesa kuyambitsa nkhani ya mitengo ya feteleza, koma nkhaniyo inkafera pakhomo ngati moto wa mapesi. Anayamba kuonda.

Kenaka anamwalira a Dzoole, mkulu amene anaomba ng'oma m'mudzimo zaka makumi asanu, ndipo anavinitsa maukwati a pafupifupi aliyense amene anabwera kudzawaika. Abale awo anafika kuchokera kumidzi yakutali. Nthawi yonyamula bokosi itakwana, amayi anaimirira monga mwa mwambo, koma panalibe woyambitsa nyimbo. Mwa a zitupa atatu aja, wa masamu anati ali ndi chimfine, mlamu wa Laitoni sankadziwa mawu, ndipo nkhalamba yogontha inangoti "zoonadi". Choncho Laitoni anapita kutsogolo yekha, kabuku m'manja, n'kuyamba kuimba.

Ulendo wa kumanda sunatalikepo chotero. Kutsogolo munthu mmodzi akulira ngati chitseko chosowa mafuta, kumbuyo khamu la anthu likungomveka mapazi. Mlongo wake wa malemu, wochokera kutsidya, anaimitsa adzukulu pakati pa njira.

"Kodi mukukaika munthu kapena galu? Mchimwene wanga anakulakwirani chiyani?"

Mkazi wa malemu anadzikoka mpaka pamene panali Nangondo, n'kumugwira mkono. "Anzanga, imodzi yokha. Ija ya mbalame. Ankaikonda."

Nangondo anamasula nsonga ya chitenje, natambasula pepala lija kuti onse alione.

"Ndilibe chitupa, mayi. Sindimvetsa nyimbo. Funsani amuna anga, ndiwo akatswiri."

A Chathyoka anayang'ana nsapato zawo kuchokera pamenepo mpaka kumanda, ndi kuchokera kumanda mpaka kunyumba.

Masana omwewo anapeza mkazi wawo akutongola chimanga kuseri kwa nyumba. Anakhala pa mtondo wogubuduzika, chinthu chimene munthu wa jekete sachita.

"Mayi a Tiyese, ndili ndi mawu."

"Nenani."

"Ine nyimbo sindizimvetsa. Sindinasanthulepo kanthu. Zimangondipweteka, zonse, kuyambira ndili mwana."

Manja a Nangondo anaima. "Zonse?"

"Zonse."

"Ndi zanga zomwe?"

A Chathyoka anavomera ndi mutu.

"Nanga kutchalitchi kuja munkatsinziniranji?"

"Ndinkapirira. Ndinkafuna inuyo."

Nangondo anatembenuza chitsononkho m'manja. Ankaoneka ngati munthu amene sakudziwa ngati wapatsidwa mphatso kapena waberedwa.

"Ndiye zaka zonsezi ndakhala ndikuimbira chitsa," anatero pomaliza. "Koma chimenecho si mlandu, bambo a Tiyese. Ena sadya therere, ndipo amakhala nawo bwinobwino. Mlandu ndi wakuti inu, pokana therere, munatentha dimba la mudzi wonse kuti musaoneke nokha. A Dzoole apita ngati mbava chifukwa cha inu. Zimene mwandiuzazi mukanene pabwalo."

Ndipo anakanenadi. Tiwapatse ulemu pamenepo. Anaitanitsa msonkhano, naima pamalo omwe aja, koma ulendo uno jekete linkaoneka lalikulu kuposa mwini wake. Anaulula zonse mwachidule: kuti amadana ndi nyimbo, kuti sanamvetsepo ngakhale imodzi, kuti lamulo lija analipanga pofuna mtendere wa makutu awo. Anapepesa kwa banja la a Dzoole. Anamaliza ndi kupempha kuti bungwe lithetsedwe lero lomwe, aliyense aziimba mmene akufunira, ndipo iwo azingotseka zenera.

Anthu anayamba kuyang'anana, nkhope zikuwala. Koma pa benchi ya kutsogolo nkhope zinali zina. Pamenepo panakhala anthu khumi ndi anayi amene miyezi isanu yapitayo anali wamba, koma tsopano ankatchedwa "bwana". Woyang'anira Mapewa anali atasoketsa kale malaya a udindo. M'mudzi umenewo zinthu zambiri zinkatha, koma bungwe linali lisanathepo chiyambire.

Laitoni anaimirira mwaulemu waukulu.

"Tisanatseke, a Wapampando, kafunso kamodzi. Mwati mumadana ndi nyimbo. Chifukwa chiyani?"

"Sindikudziwa. Ndinabadwa choncho."

"Imene mumadana nayo kwambiri ndi ng'oma ikati 'ndi' kapena ikati 'nde'?"

"Kwa ine zonse ndi phokoso."

"Ndiye kuti mukudana ndi chinthu chimene simukuchimvetsa?"

Mayi Nachuma anaseka kumbuyo, kuseka kumene anakusunga miyezi itatu.

"Abale," anapitiriza Laitoni, "a Wapampando anatiphunzitsa okha kuti munthu sayenera kukonda chimene sakuchimvetsa. Nanga kudana nacho? Kodi chidani ndiye chaulere? Ngati wovina afunika chitupa, wokana kuvina afunika ziwiri."

Anawayesa pomwepo, pamaso pa anthu onse. Pakati pa fa ndi so sanadziwe mtunda wake. Kumene nyimbo imapita ikatha sanakudziwe. Laitoni anatambasula dzanja, a Chathyoka anapereka chidindo, ndipo chinagunda patebulo kawiri.

Chigamulo cha bungwe, pansi pa Wapampando watsopano, Laitoni yemweyo, chinali chotere. A Gelesomu Chathyoka saloledwa kudana ndi nyimbo kufikira atapeza chitupa chodanira. Pofuna kuwathandiza, bungwe liwakonzera maphunziro apadera. Lamulo loletsa kuimba popanda chitupa likhalabe mmene lilili, chifukwa lamulo silifufutidwa. Komabe nyimbo iliyonse yoimbidwa pamaso pa wophunzirayo sidzawerengedwa ngati chisangalalo. Idzawerengedwa ngati chipangizo chophunzitsira, ndipo chipangizo sichifuna chitupa.

Panapita kanthawi kuti mawuwo alowe. Atalowa, mayi Nachuma anakweza dzanja.

"Nanga kuchemerera mpira, a Chathyoka ali pomwepo?"

"Chimenechonso ndi chipangizo," anatero Laitoni.

Anthu anathamangira kunyumba kukatsitsa ng'oma kudenga. Phunziro loyamba linachitika tsiku lomwelo kumanda, kumene mudzi wonse unaperekeza wophunzira wake kuti akamve nyimbo ya mbalame pa mtumbira wa a Dzoole. Nangondo anaiyambitsa, amayi analandira, ndipo mkazi wa malemu analira kulira kumene kunatsala tsiku la maliro. Laitoni anaima kutsogolo kwa kwaya imene inamukana kawiri, akugwedeza kamtengo. Palibe amene ankamuyang'ana, koma iye anakhutira.

Kuyambira pamenepo a Chathyoka sanapumenso. Wokonza ukwati asanapeze nkhuku ankayamba wapeza a Chathyoka. Ankabwera kudzawatenga pa njinga, n'kuwakhazika pampando wa ulemu, mkono umodzi kuchokera pa sipika. Loweruka ankakhala pakati pa ochemerera, ng'oma kumanja, mayi Nachuma kumanzere. Amayi opita kuchigayo ankadutsira pakhomo pawo kuti aimbeko pang'ono mwalamulo. Tsiku lina kunali maukwati awiri, ndipo ankhoswe anatsala pang'ono kumenyana, mpaka anagwirizana zowagawana: m'mawa uku, masana uko. Atadwala malungo, mudzi wonse unasonkhana ndi nkhawa yeniyeni, ndipo kwaya inabwera kudzawaimbira pazenera kuti asatsalire m'maphunziro.

Mayeso amalemba mwezi ndi mwezi. Amawerenga mwakhama kuposa mwana aliyense wa pasukulupo, ndipo akuti tsopano kabuku kopanda chikuto kaja amakadziwa kuposa mwini wake. Mwezi wina anayankha mafunso onse molondola. Uthenga utamveka, mantha anagwira mudzi, chifukwa kunali maukwati atatu m'tsogolo. Bungwe linakumana mwadzidzidzi, ndipo linapeza kuti wophunzirayo analemba tsiku molakwika.

Kunyumba, Nangondo anayambanso kulankhula nawo, ndipo amawaphikira bwino kuposa kale, poti munthu wonyamula mudzi wonse ayenera kudya. M'mawa uliwonse amawatulutsira mpando pakhonde, kuwapatsa tiyi, n'kutenga tsache. Amaimba ndi mawu onse, nyimbo yathunthu, mavesi asanu. Akamaliza amatsamira tsache n'kufunsa mwaulemu:

"Bambo a Tiyese, mwamvetsa?"

A Chathyoka amadziwa kuti akati inde, mkazi wawo ayenera kukhalanso chete, ndipo bata lija analilawa kale.

"Ayi, mayi a Tiyese."

"Musadandaule," amatero Nangondo. "Tibwereza."